Mlendo Wolandiridwa ndi Mdani Wobisala: Phunziro la Pakati ndi Khansa

Phunziro lathu la lero liyamba ndi funso limene ambiri a ife sitinadzifunsepo, ngakhale tonse tinabadwa mwa mkazi. Munthu akaponda munga, munga uja nuthyokera m'phazi, thupi silikhala chete ayi. Malowo amatupa, amatentha, nachita mafinya kufikira mungawo utatuluka. Chimodzimodzinso munthu amene madokotala amuika impso ya mnzake: ayenera kumwa mankhwala masiku onse a moyo wake, kuopa kuti thupi lingaikane impsoyo. Ndiwo mkhalidwe wa thupi. Chimene sichili chake limachizindikira msanga, nilichita nacho nkhondo.

Nanga tsono mwana wa m'mimba? Iye si chiwalo cha mayi wake monga dzanja kapena chiwindi. Theka la chibadwa chake lachokera kwa atate ake, munthu wa fuko lina ndi wa magazi ena. Komabe amakhala miyezi 9 m'kati mwenimweni mwa thupi la mayi, nadya chakudya cha mayi, nakula tsiku ndi tsiku, ndipo thupi lija limene silinalole kamunga kakang'ono limamsunga bwino lomwe. Nchifukwa ninji? Funso limeneli lavuta anthu anzeru zaka zoposa 70, ndipo pofunafuna yankho lake anapeza chinthu chodabwitsa: njira zimene mwana amapezera mtendere m'mimba ndi zomwezo zimene nthenda ya khansa imaba kuti ibisale. Inu aphunzitsi a m'midzi, amene mumalowa m'nyumba za odwala ndi kumva milandu ya mabanja, muyenera kuzidziwa zimenezi, pakuti pa nkhani ya pakati ndi ya zotupa anthu amanenerana zambiri zopanda pake, ndipo ena amafa nazo.

ALONDA A M'THUPI

Thupi la munthu lamangidwa ndi tizinthu tamoyo tating'onoting'ono totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Ena mwa maselowa ntchito yawo ndi kulonda. Ndiwo amene kuchipatala amawatcha asilikali a m'thupi, ndipo gulu lawo lonse ndilo chitetezo cha m'thupi. Dzina lake m'zinenero za Azungu lichokera ku liwu la Chilatini lakuti immunis, limene kale ku Roma linali kunena munthu womasulidwa ku msonkho ndi ku ntchito za boma. Ndiye kuti munthu amene nthenda ilibe mphamvu yomlipiritsa kanthu.

Asilikali amenewa adziwa bwanji mbale ndi mlendo, popeza alibe maso? Akuluakulu akumbukira masiku aja munthu wopita ku migodi ya Johannesburg anali kuyenda ndi chitupa, ndipo wopanda chitupa anali kugwidwa. M'thupi momwemonso. Pafupifupi selo lililonse limanyamula chitupa pa khungu lake, chimene akatswiri amachitcha HLA. Zitupa zimenezi munthu amazilandira zina kwa mayi, zina kwa atate, ndipo zilipo za mitundu zikwizikwi, kotero kuti nkwapatali kupeza anthu awiri osakhala pa ubale amene zitupa zawo zilingana. Pa chitupapo selo limaonetsanso tizidutswa ta zimene zili m'kati mwake, ngati wapaulendo womasula mtolo wake pamaso pa mlonda.

Asilikali a gulu limodzi, otchedwa maselo a T, amayendayenda nawerenga zitupazo. Akapeza chachilendo, kapena chitupa chabwino chimene chaonetsa kachidutswa ka kachirombo ka nthenda, amapha selolo pomwepo. Gulu lina, lotchedwa NK, lili ndi mwambo wake: limagwira selo limene labisa chitupa chake. Chotero mlendo alibe kothawira. Akaonetsa chitupa agwidwa ndi awa, akachibisa agwidwa ndi awo. Sungani bwino mfundo imeneyi, pakuti tibwererakonso.

FUNSO LA MEDAWAR

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu ambiri ku Britain anapsa ndi moto, ndipo madokotala anayesa kuphimba zilonda zawo ndi khungu la anthu ena. Khungulo linali kugwira masiku owerengeka, kenaka nkufota. Mu 1943 katswiri wina dzina lake Peter Medawar, pamodzi ndi dokotala Thomas Gibson wa ku Glasgow, analongosola za mayi wopsa amene anamuika khungu la mlongo wake kawiri: lachiwiri linakanidwa msanga koposa loyamba. Anazindikira tsono kuti thupi limakumbukira mlendo amene linakumana naye kale, monga limakumbukira chikuku.

Koma mu 1945 Ray Owen wa ku Wisconsin anaona kuti ana a ng'ombe amapasa, ngakhale osafanana, amakhala ndi magazi a mitundu iwiri, awo ndi a mnzawo, popanda vuto lililonse, chifukwa mitsempha yawo inakumana akali m'mimba. Mu 1953 Medawar ndi anzake awiri, Rupert Billingham ndi Leslie Brent, anabaya ana a mbewa akali m'mimba ndi maselo a mbewa ya mtundu wina. Mbewazo zitakula zinalandira khungu la mtundu uja ngati lawo lomwe. Kulolera mlendo, tsono, ndi chinthu chimene thupi lingathe kuphunzira. Chifukwa cha ntchito imeneyi Medawar analandira mphotho ya Nobel mu 1960, pamodzi ndi Frank Macfarlane Burnet wa ku Australia.

M'chaka chomwecho cha 1953 iye anaika funso lathu lija pamaso pa akatswiri anzake, napereka mayankho atatu oti ayesedwe. Kapena pali khoma pakati pa mayi ndi mwana. Kapena mwana akali wanthete kotero kuti alibe chitupa choti chiwerengedwe. Kapena asilikali a mayi amagona tulo pa nthawi ya pakati.

Mayankho awiri otsirizawa anagwa msanga. Mwana ali nazo zitupa kuyambira kalekale m'mimba. Ndipo asilikali a mayi sagona ayi. Mayi wapakati amagonjetsa matenda ambiri monga munthu wina aliyense, ndipo m'magazi a amayi amene anabala ana angapo mumapezeka kawirikawiri zida zolimbana ndi zitupa za mwamuna wawo. Umboni wowawa ndi nthenda ya Rh. Mayi amene magazi ake alibe chizindikiro cha Rh akabala mwana amene ali nacho, timagazi ta mwana tingalowe mwa iye pobereka; thupi lake limakumbukira, ndipo pa pakati potsatira zida zake zimaoloka nkukaswa magazi a mwana wachiwiri. Kuyambira 1968 ilipo jekeseni yoletsa tsoka limeneli, ndicho chifukwa china amayeza gulu la magazi ku sikelo. Zoona, kanthu kena kamasinthika mwa mayi: mu 1938 dokotala Philip Hench wa ku America analemba kuti amayi ambiri odwala nyamakazi yotupitsa mfundo amapeza bwino akakhala ndi pakati, nthendayo nibwerera atachira. Koma kusinthika si kugona.

NSENGWA

Yankho loyamba lija, la khoma, linali ndi choonadi china, ngakhale khomalo silili monga Medawar anaganizira. Apa tiyenera kukhalitsa pang'ono, chifukwa chinsinsi chachikulu chili m'chinthu chimene anthu sachiyang'ana kawiri mwana akabadwa, ndicho nsengwa. Azungu amaitcha placenta, ndiko kunena m'Chilatini mkate wozungulira wophwatalala, ngati chigumu. Imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Ambiri amayesa kuti ndi mnofu wa mayi, koma iyayi: nsengwa imamera kuchokera ku dzira lomwelo limene mwana amachokera. Ndi mnofu wa mwana, ndipo theka la chibadwa chake nla atate.

Patapita sabata limodzi chiyambire moyo watsopano, kadzira kamakakamira ku khoma la chiberekero. Maselo ake akunja, otchedwa trophoblast, ndilo liwu la Chigriki lonena za kudyetsa, amayamba kuboola mnofu wa mayi monga mizu ya chinangwa iboola dothi. Amafika mpaka ku timitsempha ta magazi ta chiberekero, nalowamo, nachotsa minofu imene imatifinya, natikulitsa kuti tikhale ngalande zotseguka. Pofika masiku otsiriza, magazi a mayi oposa theka la lita amadutsa pamenepo pa mphindi iliyonse. Magazi a mwana amakhala m'mitsempha yake osasakanizika ndi a mayi, koma khungu la nsengwa limasamba m'magazi a mayi usana ndi usiku, momwe mumayenda asilikali aja.

Ndipotu khomalo limadontha. Mu 1893 Georg Schmorl wa ku Germany anapeza maselo a nsengwa m'mapapo a amayi amene anamwalira ali ndi pakati. Mu 1996 Diana Bianchi wa ku Boston anapeza maselo aamuna m'magazi a amayi amene anabala ana aamuna kale, wina mwa iwo patapita zaka 27. Mau aja akuti mwana sachoka mumtima mwa mayi wake ali ndi tanthauzo la mnofu weniweni.

Nanga nsengwa ipulumuka bwanji? Choyamba ndi nkhani ya chitupa. Khungu lakunja losamba m'magazi lija silionetsa chitupa nkomwe. Maselo olowa m'mnofu wa mayi amabisa zitupa ziwiri zimene zimautsa ukali koposa, HLA-A ndi HLA-B, naonetsa zina zitatu zokha. Chimodzi cha izo, HLA-G, nchofanana pafupifupi mwa anthu onse, ndipo sichioneka kawirikawiri m'ziwalo zina za thupi. Maselo a T sapezapo chowakwiyitsa. Maselo a NK, amene akanagwira wobisa chitupa, amachiona naleka. Msampha wa mbali ziwiri uja wazembedwa.

Maselo a NK amenewa ngochuluka zedi m'chiberekero: pa miyezi yoyamba, mwa asilikali 100 aliwonse a pamalopo pafupifupi 70 ndi iwo. Poyamba akatswiri anawaopa, poyesa kuti ndi adani a mwana. Lero tidziwa kuti NK wa m'chiberekero ndi wamisiri koposa wankhondo. Amathandiza mizu ya nsengwa kukulitsa mitsempha, nayang'aniranso kuti isapitirire malire. Ashley Moffett ndi anzake ku Cambridge anasonyeza mu 2004 kuti pamene maselo a mayi amenewa ndi chitupa cha HLA-C cha mwana sizigwirizana bwino, ngozi ya nthenda ya kuthamanga kwa magazi kwa amayi apakati imakula. Ndipo dokotala Annettee Nakimuli anachita kafukufuku wa mtundu womwewo mwa amayi a ku Kampala. Mitsempha ikapanda kukula mokwanira nsengwa imavutika, nitulutsa zinthu zodwalitsa mayi. Mutu umapweteka kosaleka, nkhope ndi manja zimatupa, maso amachita chidima, ndipo pamapeto mayi angagwe ngati wa khunyu. Taonani: si mwano wa mkazi, si ufiti wa apongozi, ndipo si mlandu wa mwamuna. Ndi nthenda, ndipo mayi woona zizindikiro zimenezi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Njira yachiwiri ndi njala. Maselo a T sangathe kuchulukana popanda kachakudya kena kotchedwa tryptophan. Pamalire a mayi ndi mwana pamapangidwa chinthu chotchedwa IDO, chimene chimaononga kachakudyako, kotero kuti msilikali wofika pafupi amalefuka. Mu 1998 David Munn ndi Andrew Mellor a ku Georgia, m'dziko la America, anapatsa mbewa zapakati mankhwala oletsa IDO. Zimene zinali ndi ana a mwamuna wa mtundu wina zinapita padera. Zimene mwamuna wake anali wa mtundu wawo womwe zinabala bwino. Apa panaoneka poyera kuti mtendere wa m'mimba umachita kusungidwa tsiku ndi tsiku.

Njira yachitatu ife tingaimve bwino koposa Azungu. Mkamwini akabwera m'mudzi mwa mkazi wake ndi mlendo ndithu, ndipo achinyamata aukali akanamthamangitsa pa mlandu woyamba. Koma alipo ankhoswe, amene ntchito yawo ndi kukhazika pansi mitima ya mbali zonse. Mwa maselo a T momwemo muli kagulu ka ankhoswe otere, amene amaletsa anzawo kuchita nkhondo yosayenera. Amene anawazindikiritsa ndi Shimon Sakaguchi wa ku Japan mu 1995, ndipo mu 2025 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell. Mu 2004 akatswiri a ku Cambridge anasonyeza kuti ankhoswewa amachuluka mbewa ikakhala ndi pakati, ndi kuti akasowa, ana a mwamuna wachilendo amatayika.

Yachinayi ndi buleki. Pa selo la T pali kachogwirira kotchedwa PD-1. Kakagwidwa, msilikali amatsitsa mkondo. Thupi linapatsidwa buleki imeneyi kuti nkhondo ikatha asilikali asapitirize kuononga mudzi wawo womwe. Nsengwa imavala chochuluka chinthu chogwira bulekiyo, chotchedwa PD-L1. Ndipo ngati zonsezi sizikwanira, mnofu wa mayi wozungulira nsengwa umaleka kutulutsa mfuu imene imaitana maselo a T pamalo a chilonda; zimenezi zinaoneka mwa mbewa ku New York mu 2012.

MBALA YA MAKIYI

Tsopano titembenukire ku khansa, dzina lochokera ku liwu la Chilatini lonena nkhanu. Khansa si kachirombo kochokera kunja. Ndi selo la munthu mwini limene malangizo ake a m'kati aonongeka, niliyamba kuchulukana kosaleka. Poonongeka chotero limaonetsa pa chitupa chake tizidutswa tachilendo, ndipo asilikali angathe kulizindikira. Paul Ehrlich anaganizira zimenezi mu 1909, Burnet uja ndi Lewis Thomas nazilongosola zaka 50 pambuyo pake. Ife kuno sitisowa umboni: pamene kachirombo ka HIV kanayamba kupha asilikali a m'thupi, khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi inadzaza zipatala zathu, ndipo mayi amene ali ndi kachiromboka ali pa ngozi ya khansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi koposa mnzake amene alibe. Alonda akachepa, mbala zimaonekera. Chotero chotupa chilichonse chimene chakula mwa munthu wa chitetezo chabwino ndi chimene chapeza njira yozembera.

Kale mu 1902 John Beard, mphunzitsi wa ku Edinburgh, anaona kuti khansa ifanana ndi mizu ya nsengwa: zonse ziwiri zimakula msanga, zimaboola mnofu, zimadzikokera mitsempha ya magazi, ndipo maselo ake amayenda m'magazi kukafika kutali. Iye anapitirira muyeso, nanena kuti khansa iliyonse ndi nsengwa yosokera, ndipo mankhwala amene analimbikitsa sanachiritse anthu. Koma maso ake anaona bwino. Malangizo onse omangira nsengwa amakhalabe m'selo lililonse la munthu, mwamuna ndi mkazi yemwe, otsekedwa ngati buku loikidwa m'bokosi. Selo la khansa limathyola bokosilo. Ndicho chifukwa chake mwamuna wodwala mtundu wina wa khansa ya machende akayezedwa mkodzo ndi kachipangizo koyezera pakati, kangathe kunena kuti ali ndi pakati; chotupa chake chikupanga hCG, chinthu chimene ndi ntchito ya nsengwa kupanga.

Werenganinso njira zija imodzi imodzi. Zotupa zambiri zimabisa HLA-A ndi HLA-B. Mu 1998 akatswiri a ku Paris anapeza HLA-G pa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Mu 2003 akatswiri a ku Brussels anapeza IDO m'zotupa za anthu za mitundu yambiri. Zotupa zimadziitanira ankhoswe aja kuti aziziteteza, zimavala PD-L1, ndipo zina zimatseka njira kuti maselo a T angozungulira kunja. Mbala sinasule makiyi akeake. Yatenga omwe aja a mwana wa m'nyumba.

Koma pasakhale wina wotuluka m'phunziro lino nkumakanena kuti mwana ali ngati chotupa, kapena kuti pakati pamabala khansa. Mau otere ndi onama, ndiponso ngoipa. Nsengwa ili ndi malire: mizu yake imalekeza pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mnofu wa chiberekero. Ili ndi mgwirizano: thupi la mayi limakonzeratu malo, nilithandiza ntchitoyo. Ili ndi nthawi: ikatha miyezi 9 imachoka, monga akulu anena kuti mlendo ndi mame. Khansa ilibe chimodzi cha zitatuzi. Ndi kaufiti m'munda wa chimanga, woyamwa muzu kufikira phesi litauma.

KUMASULA BULEKI

Phindu la nzeru zimenezi laoneka kale. Tasuku Honjo wa ku Kyoto anapeza PD-1 mu 1992, ndipo James Allison wa ku America anasonyeza mu 1996 kuti kumasula buleki ina, CTLA-4, kumachititsa mbewa kugonjetsa zotupa zawo. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu analoledwa mu 2011, oletsa PD-1 natsatira mu 2014, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2018. Mankhwalawa sapha khansa okha. Amangochotsa dzanja la mbala pa buleki, asilikali a munthu mwini namaliza ntchito. Melanoma yofalikira m'thupi kale inali kupha ambiri chaka chisanathe. Lero alipo odwala amene akhala zaka 10 ndi kupitirira.

Tisakokomeze. Mankhwalawa amathandiza ena, osati onse. Mtengo wake ngwaukulu kwambiri. Ndipo buleki ikamasuka asilikali ena amatembenukira matumbo, khungu, mapapo kapena chiwindi cha wodwalayo. Kwa mayi wapakati madokotala amawapewa, pa chifukwa chimene tsopano mungachione nokha: buleki imene ibisa chotupa ndi yomweyo imene iteteza mwana. Ndiponso si kiyi iliyonse imene inatsegula chitseko. Mankhwala oletsa IDO anayembekezedwa kwambiri, koma atayesedwa pa odwala melanoma pafupifupi 700 mu 2018 sanaonjeze kanthu. Chimene chichitika mwa mbewa sichichitika nthawi zonse mwa munthu, ndipo wogulitsa mankhwala a zitsamba kapena a m'botolo amene alonjeza kuti akweza chitetezo chanu kuti chithetse khansa akulonjeza chinthu chimene akatswiri a dziko lonse achipeza chovuta.

Pali nthenda imodzi imene nkhani ziwirizi zimakumana maso ndi maso. Nthawi zina dzira limalakwika pa chiyambi pomwe, mwana osapangika, nsengwa yokha nikula ngati tsango la mphesa. Mayi amataya magazi, amasanza kwambiri, ndipo mimba ingakule mopitirira miyezi yake. Kumudzi zotere zimabutsa manong'onong'o, ena nkumati pakati pabedwa ndi afiti. Kuchipatala amayeretsa chiberekero, ndipo ambiri amachira. Koma mwa ena maselo otsala amasanduka khansa yaukali yotchedwa choriocarcinoma, imene imathamangira ku mapapo ndi ku ubongo. Kale inali imfa yosathawika. Mu 1956 Min Chiu Li ndi Roy Hertz, ku Bethesda m'dziko la America, anachiritsa mayi wodwala nthendayi ndi mankhwala a methotrexate, ndipo inakhala khansa yoyamba ya chotupa chofalikira kuchiritsidwa ndi mankhwala okha. Li anaumirira kupereka mankhwala kufikira hCG itatheratu m'thupi, ngakhale chotupa chisakuonekanso. Anzake anamtsutsa, koma masiku anaonetsa kuti iye ndiye analondola. Lero oposa 9 mwa 10 amachira. Kwa owerengeka amene mankhwala akale alephera, madokotala a ku London analemba mu 2017 kuti pembrolizumab, womasula buleki ya PD-1, anachiritsa amayi atatu mwa anayi. Chifukwa chake mayi amene anachita pakati potere asaleke kupita kukayezetsa kwa miyezi yonse imene adokotala anena, ndipo mwamuna wake amthandize kudikira asanatenge pakati pena.

ZIMENE MALUNGO ANAULULA

Nkhani yotsatirayi ikhudza dziko lathu mwachindunji. Anamwino akhala akudziwa kuti malungo amasautsa kwambiri mayi wa pakati poyamba, ngakhale mayi amene anakula nawo malungo nazolowera. Magazi ake amachepa, mwana nabadwa wochepa thupi, pomwe nthawi zina mayiyo sanatenthe thupi nkomwe. Mu 1996 Michal Fried ndi Patrick Duffy, pogwira ntchito ku Kenya, anapeza chifukwa chake: maselo a magazi amene tizirombo ta malungo talowamo amamatirira ku mtundu wina wa shuga wa pa khungu la nsengwa, naunjikana pamenepo. Mu 2003 Ali Salanti ndi anzake ku Copenhagen anapeza mbedza imene tizirombo timakolera shugayo, naitcha VAR2CSA. Thupi la mayi silinaionepo mbedzayi pa pakati poyamba. Pa pakati potsatira lakhala litaiphunzira. Malawi ndilo dziko loyamba limene linakhazikitsa, mu 1993, lamulo lopatsa amayi apakati mankhwala a SP ku sikelo ngakhale sakudwala.

Pofuna kupanga katemera, Salanti ndi Mads Daugaard wa ku Vancouver anayesa mbedza ija pa maselo ena a thupi, kuti aone kumene ingakole. Pa maselo abwino a munthu wamkulu sinakole, koma pa maselo a khansa za mitundu yambiri inakola monga ikolera pa nsengwa. Analengeza zimenezi mu 2015. Shuga wa nsengwa uja zotupa nazonso zauvala, ndipo kachirombo ka udzudzu kanatsimikiza zimene Beard anaona zaka 113 m'mbuyomo. Mwa mbewa, mbedzayi itamangiriridwa ku mankhwala akupha maselo inachepetsa zotupa. Akatswiri aigwiritsanso ntchito kuwedza maselo a khansa m'magazi a odwala.

Inu aphunzitsi, pokaphunzitsa zimenezi musalemetse anthu ndi maina achilendo. Atengereni zimene angathe kuchita. Mayi wapakati ayambe sikelo msanga, ayezetse kuthamanga kwa magazi ulendo uliwonse, amwe mankhwala oteteza malungo monga anamwino amuuza, nagone m'neti. Mayi amene wapita padera kawiri kapena katatu asazengedwe mlandu pabwalo. Kawirikawiri chifukwa chake chili m'mapangidwe a dzira lomwe, ndipo malo ofunsira ndi kuchipatala. Atsikana alandire katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019, pakuti kachiromboko nako kamadziwa kubisa chitupa cha selo limene kalowamo, ndipo katemerayo amaphunzitsa asilikali kukagwira kasanalowe. Amayi akayezetse khomo la chiberekero asanamve kupweteka kulikonse, makamaka amene ali ndi HIV.

Chotsala ndi ichi. Khansa imapezeka mwa mayi mmodzi pa amayi apakati pafupifupi 1,000, ndipo kawirikawiri imadziwika mochedwa, chifukwa zizindikiro zake zimabisala m'zizindikiro za pakati. Bere likachita chotupa cholimba chimene sichichoka patapita masabata awiri, anthu amati ndi mkaka. Magazi akamatuluka, amati ndi za pakati. Mayi wotere aonedwe ndi dokotala osadikira kuti achire kaye. Opaleshoni imatheka mayi ali ndi pakati, ndipo mankhwala ambiri a khansa angathe kuperekedwa ikapita miyezi itatu yoyamba, mwana nabadwa wamoyo. Ndipo kwa mayi amene aopa kuti chotupa chake chipatsira mwana, muuzeni kuti zimenezi sizichitika kawirikawiri ayi, pakuti nsengwa imatsekereza maselo a khansa, ndipo ochepa amene angaoloke amakumana ndi asilikali a mwanayo, amene amawerenga pa iwo chitupa chachilendo.